A Sarem ndi Gudumu la Ngolo

Alamu anga a Sarem ayenda mtunda wautali kuposa munthu aliyense m'chigawo chino cha Kampong Chhnang, koma osafika kulikonse. Ulendo wawo wonse ayendera pansi pa nyumba yawo yomangidwa m'mwamba, pakati pa nsanamira, kuzungulira chitsa cha mgwalangwa, ndiponso chafutambuyo. Mwana wawo Narin, amene anapita kusukulu, anawauza tsiku lina kuti akanakhala kuti amayenda molunjika, bwenzi atafika ku Phnom Penh n'kubwerako maulendo mazanamazana. Iwo anangomufunsa kuti ku Phnom Penh komweko akakatengeko chiyani.

Kwathu kuno mphika suzungulira, amazungulira ndi munthu. Umaika dongo pachitsa chofika m'chiuno, n'kuliboola pakati, n'kugwira mlomo wake ndi kansanza konyowa, basi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mozungulira chitsacho mpaka mlomo utalungama. Likauma pang'ono umatenga kathabwa, dzanja lina lili m'kati kuchirikiza, n'kumamenya ukuzungulirabe, phaa, phaa, phaa, mpaka mimba ya mphika itatuluka. Pansi pa nyumba ya alamu anga pali kanjira kozungulira kolowa ngati mbale, kokumbidwa ndi zidendene zawo.

Ine ndine Yan. A Thol, amuna awo, ndi achimwene anga. Inenso ndinkaumba ndili mtsikana, musandione kukhala pamsewu. Koma tsiku lina a Sarem, atangokwatiwa kumene, anayang'ana mphika wanga n'kunena kuti kamwa lake likunga la chule wopondedwa ndi ngolo. Pamaso pa anthu, ndikukuuzani, panalinso mnyamata amene ndinkamufuna. Ndinaponya kathabwa kunkhuni tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo ndimagulitsa zoumba anzanga m'mbali mwa msewu wa Nambala 5. Zaka pafupifupi makumi anayi ndinasunga mawu amenewo kukhosi. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti pamalo panga miphika yoyamba kutha inali yawo, nthawi zonse.

Zaka zoipa zija za nkhondo, njala ndi ntchito yakalavula gaga zitatha, anthu ankabwerera m'midzi yawo wapansi, mafupa okhaokha, opanda n'chophikira chomwe. A Sarem anabwera okha. Mayi awo ndi ang'ono awo awiri anatsala kuminda ya ku Pursat kumene asilikali anawatengera, ndipo za iwo sitifunsa. Chimene anabwera nacho ndi manja amene mayi awowo anawaphunzitsa. Anapita m'tsinde mwa phiri la Krang Dei Meas ndi chikhasu chopanda mpini, nakumba dongo, nalisinja, nalisefa, nayamba kuumba. Ndalama kunalibe m'dziko masiku amenewo. Wofuna mphika ankaudzaza ndi mpunga, kukhuthula mpungawo, n'kunyamula mphika wake.

Achimwene anga anali ndi ng'ombe imodzi yoonda ndi ngolo imene anaitola itatayidwa m'tchire. Anayamba ndi kuwanyamulira dongo. Munthu wosalankhula ameneyu, mpaka lero sindidziwa kuti anafunsira bwanji mbeta, mwina anangotsokomola. Ng'ombe zitakwana ziwiri anayamba maulendo. Mpunga ukangokololedwa ankayala udzu wake m'ngolo, n'kusanja miphika mpaka kupitirira mutu wa munthu, n'kunyamuka pamodzi ndi ngolo zina zam'mudzi, mdipiti, kulowera ku Kampong Speu, ku Takeo, nthawi zina mpaka ku Kampong Cham. Ankatha masabata atatu, mwina mwezi. Pobwera ankagona kunyumba masiku anayi kapena asanu, kudikira kuti ina ipse, n'kuuyambanso. Narin anabadwa bambo ake ali ku Takeo, ndipo anayamba kuyenda bambo ake ali ku Kampong Speu.

Ogula sankasowa. Kum'mawa kwathu ndi madzi okhaokha, ndipo anthu a m'nyumba zoyandama pamtsinje wa Tonle Sap ankafuna mitsuko yovundikiramo prahok, nsomba zosinja zothira mchere, nyengo ya tinsomba ikafika, m'mwezi wa Disembala. Okwera migwalangwa ankafuna timiphika tothiramo shuga wawo wophika kuchokera kumadzi a mitengoyo. Alimi a mpunga ankafuna nkhali, akumapiri a kumadzulo ankafuna mitsuko yamadzi. Ife a pakati tinalibe nsomba, minda yathu ndi yamchenga, koma tinali ndi dothi, ndipo dzina la chigawo chonse, lotanthauza doko la miphika, linachokera pa miphika yathuyi.

Kenaka zinthu zinasintha, monga mudziwa. Kunabwera mapoto ndi zigubu zapulasitiki. Atsikana anayamba kukwera malole m'mawa, ataimirira mothinana ngati nsungwi, kupita kumafakitale osoka zovala ku Kampong Tralach. Anyamata anagula njinga zamoto zokoka ngolo, ulendo wa mwezi unasanduka wa masiku atatu. Achimwene anagulitsa ng'ombe zawo, ngolo n'kuikankhira pansi pa nyumba, nkhuku n'kuitenga kukhala yawo. Kunabweranso bungwe lina ndi makina opalasa ndi phazi, ozungulitsa dongo mofulumira, ndipo amene anaphunzira akuumba timabotolo tamaluwa ndi tinjovu tosungiramo ndalama togula alendo. Sindikuwanyoza, tinjovuto ndimagulitsa inenso, pamodzi ndi mbaula zimene zikudyetsa theka la mudzi. Koma a Sarem anayang'ana makinawo kamodzi n'kunena kuti mphika si mwana wasukulu woti azithamanga. Anapitiriza kuzungulira chitsa chawo, ndipo ofuna mtsuko woziziritsa madzi, kapena mphika wophikira nsomba ndi mankhwala azitsamba, ankabwerabe kudzafunsa dzina lawo.

Tsoka silinunkha. Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, mtsinje wathu, umene umasintha kolowera mvula ikayamba, unali utangotembenuka kuyamba kubwerera kunyanja yaikulu ya kumpoto, ndipo alamu anga anapita kumtapo okha. Anyamata amene amagulitsa dongo pamathirakitala analipo, koma iwo ankati dongo la anyamatawo ndi lamchenga, lawo amasankha okha ndi chala. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri kulowa m'dzenje dothi litanyowa! Khoma la dzenjelo linagumuka n'kuwakwirira mpaka m'chiuno. Anawatulutsa amoyo, koma fupa la m'chiuno litathyoka. Anakhala kuchipatala ku Phnom Penh masabata asanu, anawaika chitsulo, ndipo anabwerako mwendo wakumanja utafupika n'kuuma.

Kupita kutsogolo ankatha, ndi ndodo, pang'onopang'ono. Kubwerera m'mbuyo ndiye ayi. Tsiku lina m'mawa, poganiza kuti palibe akuwaona, anaika dongo pachitsa n'kuyesa. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikuthyola ndimu zawo, zimene amandiletsa. Anaponya phazi limodzi, lachiwiri linakana, ndipo anagwa chagada dongo lili pachifuwa. Ndinathamanga kukawadzutsa. Sanalire, sanatukwane, anangondipempha kuti ndisauze munthu.

Kuyambira tsiku limenelo anagona pabedi lansungwi pansi pa nyumba, chifukwa makwerero sakanatha kukwera, nkhope atalozetsa kunkhokwe. Mpunga ankangoutola ndi zala ziwiri n'kukankha mbale. Ndinawaphikira msuzi wowawasa wa nsomba, ndikudziwa bwinobwino kuti ndathira mchere wambiri, n'kuima kudikira kuti andinene. Anati zikomo. Zikomo, kwa ine! Ndinabwerera kwathu ndikudziwa kuti munthuyu akupita.

Narin anabwera pa Pchum Ben, masiku amene timapereka chakudya kukachisi pokumbukira akufa athu. Ndi mwana wabwino, amakonza makina oziziritsa m'nyumba ku Phnom Penh, mkazi wake amasoka kufakitale. Atawaona mayi ake, Narin anatuluka kukaima kuseri kwa nkhokwe kanthawi. Pobwera anatiitana tonse n'kunena kuti wapeza chipinda chapansi, chopanda makwerero, pafupi ndi chipatala, ndipo adzabwera ndi galimoto pa chikondwerero cha mabwato kudzawatenga mayi ake. Bambo ake atsala kuyang'anira nyumba ndi munda, poti chipindacho n'chimodzi ndipo muli kale ana awiri.

Ndinayembekezera kuti a Sarem amulalatira mpaka agalu a mudzi wonse auwe. Munthu amene anakana kugona ku Phnom Penh ngakhale paukwati wa mwana wake yemweyo.

"Chabwino, mwanawe," anatero, osatembenuka n'komwe.

Achimwene anangoyang'ana pansi. Zaka zonse zija msewu unawalekanitsa, ndipo tsopano, pamene onse anali pakhomo, mkazi ndiye ankapita, ndipo tonse tinkadziwa kuti wopita chotero sabwerera ndi mapazi ake. Kunatsala masabata asanu ndi limodzi.

Patapita masiku awiri ndinamva nkhuku zikulira ngati kwalowa njoka. Ndinapeza achimwene atakokera ngolo panja, akugulula gudumu. Ndinawafunsa ngati ayamba misala, kuti mkazi wawo akuuma pabedi iwo ali kalikiliki kuphwasula chinthu chimodzi chokha chimene chinawapatsa ulemu padziko. Anangopitiriza kugulula. Sanandiyankhepo chiyambire, nchifukwa chake timagwirizana.

Anagwira ntchito imeneyo masabata atatu. Anakumba pakati pa kanjira kozungulira kaja, pomwe panali chitsa, nazikapo chitsulo cha ngolo choimirira, nachitsendera ndi miyala. Gudumu analigoneka pachitsulocho chafufumimba, kungotalikira pansi pang'ono, napaka girizi. Pamchombo wa gudumulo anakhomerapo chidutswa cha chitsa chakale chija, ndipo pamwamba pa mbali imodzi anamanga kabenchi kansungwi kokhala ndi potsamira, koti munthu akhale gudumu likudutsa pansi pake, dongo lili pamaso pake. Mbali inayo anaikako kampando kawo. Gudumu la ngolo ndi lolemera, silithamanga. Ukaligwira pamkombero n'kulikankha limayenda ngati ng'ombe yokhuta.

A Sarem ankaona zonsezi ndi kona ya diso, osafunsa. Tsiku loyesa tinawanyamula awiri n'kuwakhazika pakabenchi. Ndinakanda dongo ndi manja angawa, la mtapo womwewo umene unawagwera. Atalikhudza ndinaona zala zawo zikudzuka zokha, zikuboola pakati, zikukweza khoma. Anaviika kansanza m'madzi. Achimwene anafunsa kuti azungulitsire mbali iti.

"Bambo a Narin, zaka zonsezi simudziwa kumene ndimalowera?" anatero a Sarem. "Kuchokera kumakwerero, kupita kuchitsime, kudzera kunkhokwe."

Ine, wosasowa pothira mchere, ndinavomereza mokweza n'kusonyeza ndi mkono wonse: makwerero, chitsime, nkhokwe. Ndinawonjezanso kuti amuna maso ali nawo ongokongoletsa nkhope.

Achimwene anakankha gudumu kuchokera kumakwerero kupita kuchitsime. Dongo, m'malo moti lizitsetsereka kuchoka m'manja mwa a Sarem, linkabwera kudzawagunda kunsonga za zala. Kansanza kanakwinyika, kanakumba, mlomo wa mphika unapindika n'kung'ambika. Tinaikapo lina, chimodzimodzi. Lachitatu linangokhala pansi ngati ndowe. Tonse atatu tinali thukuta kamukamu, ndipo palibe anaganiza china koma kuti manja a munthuyu sagwirizana ndi dongo loyenda. A Sarem anaika kansanza pansi bwinobwino, n'kunena kuti gudumu ndi la ng'ombe, tiwabwezere pabedi pawo. Apo ndiye analira, koyamba chigwereni dothi lija, ndipo achimwene anapita kumunda osadya.

Masiku anapita. Madzi anayamba kuphwa m'minda, mphepo yozizira ya kumpoto inafika, anyamata okwera migwalangwa anayamba kumangirira makwerero awo ansungwi, ndipo kumtsinje opalasa ankayeserera madzulo aliwonse. Nkhuku zinasamukira pagudumu. Kutatsala masiku asanu ndi atatu, a Sarem anatituma kumsika wa m'tauni kukagula chikwama cha ulendo, chifukwa m'nyumba monse munalibe, munthu sanayendepo.

Tinagula chikwama chabuluu chokhala ndi zipi. Pobwerera tinakwera ngolo yokokedwa ndi njinga yamoto, titakhala pathabwa pamodzi ndi amayi ena onyamula nsomba zouma. Achimwene anafungatira chikwamacho ngati mwana wodwala, maso ali kuminda. Tili pakati pa njira anandigwira mkono.

"Yan, migwalangwa iyo ikupita kuti?"

Ndinawauza kuti migwalangwa sipita kulikonse, ndipo asandichititse manyazi pagulu.

"Ife tikupita kutsogolo, iyo ikubwerera m'mbuyo," anatero. "Zaka zonse ndili pangolo ndinkaiona. Make Narin akamalowera kuchitsime, mphika m'manja mwake unkalowera kumakwerero. Tinazungulitsa mbali yolakwika."

Mawu ochuluka chotero pakamwa pa achimwene anga ndinali ndisanawamvepo. Ndinayamba kuzungulitsa chala m'mwamba uku ndi uku, amayi a nsomba aja akundiyang'ana. Zinali zoona. Tonsefe tinazolowera kuona munthu akuyenda mphika uli chiimire, moti titafunsidwa za mphika tinayankha za munthu. Ndipo amene anakuwa kwambiri posonyeza njira yolakwikayo ndinali ine.

Titafika, achimwene anafotokoza zonse ali chiimire pambali pa bedi, chikwama chili m'manja. A Sarem anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati tiike chikwamacho pamutu pa bedi, zipi yake ndi yabwino. Anati anagwa kamodzi, analira kamodzi, sakufuna kachitatu. Achimwene anandiyang'ana ngati galu wonyowa.

Pamenepo mtima wanga unandiuza choti ndichite, ndipo sindinganame kuti unali mtima wabwino wokhawokha. Ndinapirikitsa nkhuku pagudumu, ndinapukuta zitosi, ndinatenga dongo limene linatsala, lomaliza la mtapo wawo wokondedwa uja, n'kulikanda ndikuimba mokweza. Ndinakwinya nsalu yanga, ndinakhala pakabenchi, n'kuuza achimwene kuti azungulitse. Ndinalengeza, ndikuyang'ana kudenga, kuti popeza mwini malo akupita kutauni kukaonera wailesi yakanema, ine ndiyambiranso kuumba, ndipo ogula akafunsa ndiziti ndi miphika ya kwa a Sarem, poti ikuchokeradi pansi pa nyumba yawo.

Gudumu linayenda kuchokera kuchitsime kupita kumakwerero, ndipo ngakhale ine ndinamva kuti dongo likutsetsereka bwino pansi pa kansanza. Koma manja a zaka makumi anayi osaumba ndi manja a wogulitsa. Mlomo wa mphika wanga unayamba kutambasuka, mbali ina kukwera, mbali ina kugwa. Ndinamva bedi lansungwi likulira kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ndinauyamikira mphika wanga kuti ndi wokongola, ndinati ndiulemba dzina lawo kunsi. Kenaka ndinamva ndodo, go, go, go.

"Choka apo, Yan. Ukuononga dongo langa."

Ndinati dongo lilibe mwini, ndi la phiri.

"Choka, ndati. Chule uja wabereka?"

Sindinamvepo chipongwe chokoma chotero moyo wanga wonse. Ndinatsika msangamsanga, tinawakhazika, anaphwanya chule wanga ndi chibakera chimodzi n'kuyambiranso. Atagwira mlomo ndi kansanza, achimwene anakankha. Anafulumiza, a Sarem anawakalipira kuti sakuthamangitsa ngolo kuthawa mvula. Anachepetsa, anawafunsa ngati agona. Kenaka ndinaona achimwene atatsinzina, mutu ukugwedezeka pang'ono, dzanja likulandira mkombero n'kuupereka, kulandira n'kupereka. Anandiuza pambuyo pake kuti ankamvera m'mutu mwawo mapazi a mkazi wawo, mmene ankawamvera ali chigonere m'mwamba m'nyumba m'mawa wa tsiku lobwera kuulendo. Gudumu linagwira liwiro limenelo. Mlomo wa mphika unakwera, unapindikira kunja, wosalala, wolungama ngati mwezi. Kenaka a Sarem anati, "Lina."

Tsiku limenelo anaumba milomo isanu ndi umodzi. Madzulo, italimba pang'ono, anatenga kathabwa, ndipo achimwene anaphunzira kukankha pang'ono n'kuima, kukankha pang'ono n'kuima, motsata kumenya. Phaa, phaa, phaa inamveka mpaka kumsewu, ndipo akazi a nyumba zoyandikana anayamba kusuzumira pampanda. Usiku wake alamu anga anadya mbale ziwiri za mpunga ndi prahok wokazinga, n'kundiuza kuti ngati mchere ndilibe nawo ntchito ndizikautaya kumtsinje, osati m'ndiwo zawo.

Narin anafika tsiku loyamba la chikondwerero, mtsinje utatembenukanso kulowera kummwera, msewu wodzaza ndi anthu opita kukaonera mabwato. Anabwera ndi galimoto yobwereka, kumbuyo atayala matiresi. Anapeza utsi wa udzu wa mpunga uli tolotolo kuseri kwa nyumba, ine ndikufukula miphika yoyamba paphulusa ndi nsungwi yaitali, mayi ake ali pakabenchi matope mpaka m'zigongono, akulalatira bambo ake. Anaima pachipata kiyi ali m'manja. Kenaka anabwera, anagwada n'kupereka moni manja ataphatikiza, natola mphika umodzi wofundabe. Anaugogoda ndi chala monga mwana aliyense wa mudzi uno amadziwira. Unalira kuti ngee, wopanda mng'alu.

Koma Narin si mwana wopusa, ndipo sanabwere ulendo wonsewo kudzagonja ndi mphika umodzi. Anakhala pansi n'kufunsa za makwerero. Bambo ake anamusonyeza nsungwi zimene anadula zoti atchinge chipinda pansi pa nyumba, poti kuno kufupi ndi phiri madzi osefukira safika. Anafunsa za chipatala, ndipo tinamukumbutsa kuti cha m'tauni chili pafupi, njinga yamoto imafika mpunga usanapse. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga bambo akatopa? Akadwala? Gudumuli silidziyendetsa lokha, amayi."

Ndinamva pakamwa panga pakutseguka ndisanapemphe chilolezo kwa mutu wanga. Ndinati masana ndizizungulitsa ine, pamsewu pazikhala mwana wanga wamkazi, amene amangokhalira foni. Narin anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina, chifukwa anakula akumva azakhali ake ndi mayi ake akulumana tsiku ndi tsiku.

"Iweyo?" anatero a Sarem. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta zala pansanza. "Chule wako woyamba uja, Yan, sanali wopondedwa kwenikweni. Ndinawonjeza."

Kupepesa kwa zaka makumi anayi kunathera pomwepo, ndipo ndinakulandira, poti kwa munthu ameneyu kwina sikudzabwera. Ndinanamizira utsi kuti wandilowa m'maso.

Narin anali asanagonjebe. Anatembenukira kwa bambo ake n'kunena mofatsa kuti iye sakufuna kulanda munthu, akungoopa kudzaimbiridwa foni tsiku lina. Achimwene anaika dzanja pamkombero wa gudumu.

"Mwana wanga, miphika ya mayi ako ndaigulitsa m'zigawo zisanu," anatero. "Koma pamene inkaumbidwa ine ndinali pamsewu. Ndikabwera ndinkangoona munthu wowerama akudutsa, mpango kumutu. Sabata ino ndiye ndakhala nawo maso ndi maso. Sindinkadziwa kuti amaluma lilime akamaumba. Usanditengere."

A Sarem anabweza lilime msanga n'kuwauza kuti asiye zopusa pamaso pa mwana, dongo likuuma. Koma makutu awo anafiira, ndinawaona ndi maso angawa.

Narin anadzuka, anapita pamutu pa bedi, anatenga chikwama chabuluu chija n'kutsegula zipi. Munali nsalu zitatu za mayi ake, bulauzi yoyera ya kukachisi ndi mankhwala. Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziika pabedi. Kenaka anatola udzu wa mpunga, anayala m'chikwamamo monga ankaonera bambo ake akuyala m'ngolo, naikamo miphika iwiri yoti akapatse mkazi wake. Anakhala nafe masiku onse atatu a chikondwerero, akuthandiza kumanga chipinda chapansi, ndipo kumabwato sanapiteko.

Papita zaka zitatu tsopano. Alamu anga saumba yambiri ngati kale, ndipo mitsuko ikuluikulu yamadzi anaisiya, mikono siifika. Mwendo umawawa kukazizira. Koma akazi awiri a m'mudzi muno amene mawondo anawatha apempha kale achimwene kuti awakonzere magudumu awo, moti ngolo zakale zimene zinkaolera pansi pa nyumba zayamba kusowa. Kanjira kozungulira kaja kakadalipo, gudumu limadutsa pamwamba pake.

Ine ndimafika dzuwa likapendeka, achimwene akapita kukagona pang'ono. Ndimakhala pakampando kawo n'kugwira mkombero. Masiku ena, ndikaona kuti alamu anga akhala chete nthawi yaitali ndipo maso awo apita kutali, ndimakankhira gudumu dala kuchokera kumakwerero kupita kuchitsime. Amanditukwana mpaka nkhuku kuthawa, kenaka timaikapo dongo lina.